Bwanji zokambirana za ku Sudan sizikuphula kanthu?

Bambo wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo, akuti "akulu, daily pa wailesi timamva zoti akukambirana za mtendere ku Sudan koma nkhondo osatha ayi, vuto ndi chani kwenikweni?"

Achimwene, kwa ine vuto ndi mfuti zomwe zikulowabe. Nkhondoyi inabuka pa 15 Epulo 2023, pakati pa asilikali a boma otsogozedwa ndi Burhan ndi gulu la zida la RSF (Rapid Support Forces) lotsogozedwa ndi Hemedti, anthu oti mu 2021 analanda boma limodzi. Mwezi wa Meyi 2023 America ndi Saudi Arabia anawaitanira ku Jeddah, mzinda wa ku Saudi Arabia, mapepala anasaina ndithu koma ku Khartoum, likulu la Sudan, kuomberana osaleka. Mu Ogasiti 2024 anayesanso ku Switzerland, a boma sanapiteko nkomwe. Nanga munthu angagonjerenji pa tebulo pomwe akudziwa kuti mawa madroni ndi zipolopolo zikufika? UN inaletsa kutumiza zida ku Darfur, chigawo cha kumadzulo kwa Sudan, kuyambira 2004 koma zimadutsabe, dziko la United Arab Emirates (UAE) likulozedwa chala kuti ndi limene likupatsa RSF zida ngakhale iwo akukanitsitsa.

Chimene chimandiwawa mtima ndi ichi, America yokha imagulitsa zoposa 40 peresenti ya zida zonse zogulitsidwa pakati pa mayiko, France, Russia ndi China nawonso ali m'gulu la ogulitsa akuluakulu, ndipo onsewa ali ndi mipando yokhazikika ku Security Council, nthambi ya UN yoona za mtendere, ndiye amene akuitanitsa zokambirana ndi yemweyo akugulitsa zida kwa anzake a omenyanawo.

Ifetu izi tinaziona pakhomo pompano. Funsani aliyense wachikulire wa ku Dedza, Ntcheu kapena Nsanje akuuzani momwe anthu a ku Mozambique ankafikira pothawa nkhondo, mayi mwana kumbuyo mphika pamutu mapazi otupa, mpaka anakwana pafupifupi 1 miliyoni m'dziko lathu laling'onoli. Boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo anasaina mtendere ku Rome mu Okutobala 1992 ndipo unagwira, chifukwa nthawi imeneyo Soviet Union inali itagwa, South Africa ya azungu nayo ili pa ulendo, owapatsa zida anali atatha mbali zonse ziwiri. Ku Sudan zimenezo sizinachitikebe.

Komanso mfutizo nkhondo ikatha sizibwerera kwa eni ake. Ma AK-47 otsala ku Mozambique ena anadutsa malire, ndi omwe mbava zinkaopsezera anthu m'magolosale kuno zaka za m'ma 1990, anthu kumatseka mashopu dzuwa lisanalowe.