Anthu akukuthawani? Ndikuuzeni pomwe ine ndinalakwitsa

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munalowa network marketing (bizinesi yogulitsa katundu wa kampani n'kumalowetsanso ena kuti azigulitsa pansi panu) mwezi watha kuno ku Ntcheu, upline wanu, amene anakulowetsaniyo, akufuna mupeze anthu atatu mwezi usanathe, koma aliyense amene mwamuuza akungoti "ndikuyimbirani" kenako zii, ndiye mukufuna kudziwa pomwe mukulakwitsa. Ine zimenezi ndinazichita zaka zitatu, ndikugulitsa sopo, mankhwala otsukira m'mano ndi tiyi wa zitsamba, moti zomwe ndinene apazi ndi zipsera zanga.

Chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi kuitana anthu mobisa. Anatiphunzitsa kuti usamatchule kuti ndi bizinesi yanji, ungolemba kuti "pali mwayi, bwerani Loweruka ku holo". Ndinatumizira uthenga umenewo mnyamata wina wa ku Kasinje. Anafika atavala shati yoyera yosita bwino, m'manja muli envelopu ya khaki yokhala ndi setifiketi yake ya MSCE, ndalama ya thiransipoti atakongola kwa amalume ake. Iye ankati waitanidwira ntchito. Anakhala maola awiri akuombera m'manja anthu osawadziwa amene ankati akwera udindo, ndipo potuluka anangondiyang'ana, envelopu ija ataipinda pakati. Kuno si ku Lilongwe koti munthu ukamunamiza sudzamuonanso. Mudzakumana naye kuchigayo, pa depoti, pamaliro, ndipo azakhali ake ndi amene mumapemphera nawo. Muuzeni munthu pa foni pomwepo kuti kampaniyo imagulitsa chiyani, kulowa ndi ndalama zingati, ndipo phindu limachokera pati. Akakana, wakana asanawononge ya kabaza.

Za ndalama tsopano. Musalonjeze zomwe inu eni simunazigwire. Zoika pa status chithunzi mutatsamira galimoto ya mwini, kapena kujambula uthenga wa Airtel Money wa ndalama zomwe anakutumizirani achimwene anu a ku Joni, anthu a kuno amazizindikira msanga, chifukwa amakuonani mukukwera minibasi yomweyo. Ndiye pali chojambula chija cha pa bolodi, choti iwe upeze asanu, asanuwo apeze asanu aliyense. Tengani foni muwerengere nokha: 5, 25, 125, 625, n'kumapita. Pofika mzere wachisanu ndi chinayi pakufunika anthu pafupifupi 2 miliyoni, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Dedza ndi Ntcheu kuphatikiza sitikwana chiwerengero chimenecho, kuwerengera ndi makanda omwe. Aphunzitsi ena a masamu anandiwerengera zimenezi pa kapepala ine ndili mkati mowakopa, ndinasowa pogwira.

Koma pomwe ndinapsa kwenikweni ndi pa mlamu wanga. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha kuti ndikwanitse mapointi a mwezi umenewo, muyeso wa malonda womwe kampani imawerengera, ndiye ndinamunyengerera mpaka anatenga ngongole ku banki m'khonde, ya chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse. Unali mwezi wa October, nthawi yomwe aliyense ndalama yake ili pa feteleza ndi mbewu. Wogula tiyi wa mtengo wa nkhuku ziwiri amupeza kuti? Kenako mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo poti katunduyo amachokera kunja, mitengo inakwera. Makatoni awiri anakhala pansi pa bedi lake mpaka masiku olembedwa pa mapaketi anadutsa. Amayi a ku gulu lawo anabwera kudzanyamula mbuzi. Ndinalipira ndine theka la ngongoleyo kuti banja la achimwene anga lisagwedezeke, komabe pa Khrisimasi chaka chimenecho tinadya mosayang'anana. Choncho munthu akakuuzani kuti ndalama yolowera alibe, musamuonetse njira ya ngongole, musamuuze kuti agulitse thumba la chimanga kapena aphwanye fizi ya mwana. Ameneyo si downline wanu, munthu woti alowe pansi panu, musiyeni.

Ndinachedwa kuzindikira kuti munthu woyenera kumulowetsa si amene wavutika kwambiri, koma amene amadziwa kale kugulitsa ndipo ali ndi anthu omugula. Pitani pa Lizulu tsiku la msika mukayese kufotokozera mayi wogulitsa mbatatesi kapena kabichi. Sadzakufunsani za mphotho ngati ulendo wa ku Dubai. Adzati, ndigula zingati, ndigulitsa zingati, nanga zikatsala mudzazitenganso? Ngati mafunso atatu amenewa mulibe mayankho ake, musapite kwa wina aliyense kaye, bwererani kwa upline wanu akakuyankheni. Funso la katundu wotsalali si laling'ono ayi. Ku America mu 1979, bungwe loona za malonda la FTC litaunika kampani ya network marketing ya Amway, linagamula kuti si piramidi (chinyengo chodalira ndalama za olowa kumene), ndipo zina mwa zifukwa zake zinali zoti kampaniyo inali ndi malamulo oti katundu azigulitsidwa kwa makasitomala enieni komanso kuti wotsala azibwezedwa. Ndiye muone kwanuko: ngati ndalama zonse zikuchokera pa olowa kumene, katundu ali ngati chophimba m'maso, dziwani kuti ndi zomwe Reserve Bank of Malawi yakhala ikuchenjeza anthu, ndipo zikadzagwa anthu sadzapita kukasaka mwini kampani, adzabwera pakhomo panu.

Ngati katundu wanu ndi wa zaumoyo, apa pokha ndikupemphani ndi manja awiri. Musanene kuti amachiritsa shuga, BP, khansa kapena kusabereka pofuna kuti munthu akopeke. Ndinamvapo mnzathu wina mu msonkhano akuuza mayi kuti akamamwa tiyi uja ma ARV atha kusiya. Umenewo ndi moyo wa munthu, ndipo za mankhwala m'dziko muno zili ndi eni ake, bungwe la PMRA ndi achipatala. Tiyi ndi tiyi.

Zina ndi zazing'ono koma zimathamangitsa anthu. Kuponya malonda mu gulu la WhatsApp la mpingo kapena la chithandizo cha maliro. Kulowetsa anthu mu gulu osawapempha. Kulembera munthu amene munasiyana naye ku sekondale zaka khumi zapitazo kuti "bho bho mzanga", mzere wachiwiri n'kukhala bizinesi. Kunyoza ntchito za eni, zoti malipiro a pamwezi ndi ukapolo, chonsecho ukuuza namwino yemwe ukufuna akugule sopo. Ndiponso munthu akati ayi, muyimbireni kamodzi patapita nthawi, osati m'mawa uliwonse ngati ali nanu ngongole. Ambiri mwa omwe anakana kulowa kwa ine ndi amene anadzakhala makasitomala anga okhazikika, chifukwa sitinadane.

Wina akalowa, ntchito ndiye yayamba. Ine awiri oyambirira ndinawataya chifukwa atangolipira ndinathamangira kusaka ena. Mupite naye kokagulitsa ulendo woyamba, mumuonetse kulemba m'kope zomwe wagula, zomwe wagulitsa, ndi zomwe zapita pa mayunitsi ndi thiransipoti. Inunso kope limenelo mukhale nalo. Ine nditayamba kulemba ndi pomwe ndinaona kuti phindu langa lenileni linali pa sopo basi, zina zonse ndinkangozungulira.

Za anthu atatu a mwezi unowo, chiwerengero chimenecho ndi cha upline wanu, bonasi yake ndi yomwe ikudikira pamenepo. Auzeni mwaulemu kuti mukufuna muyambe mwagulitsa pakeji yomwe muli nayo kale. Mukaimaliza kwa anthu osakhala achibale, ndipo ena n'kubweranso kudzagula kachiwiri, mudzakhala ndi chouza munthu popanda kukokomeza. Lembani pansipa kuti mukugulitsa katundu wanji, mumagula pa mtengo wanji ndipo mumagulitsa pa mtengo wanji, tiwerengere limodzi tione ngati pakutsala kanthu.