Yankho kwa achimwene a ku Bangula pa za mathiransimita osadya batire

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti mathiransimita atsopano sadya batire komanso satentha, popeza wailesi yanu yolankhulirana ya ma watt 100 ikumamaliza batire ya sola dzuwa lisanalowe. Ndi zoona ndithu, ndipo kwa ife a kuchigwa kuno phindu lake ndi lalikulu. Koma zida zimenezi sizilekerera munthu akalakwitsa.

Wailesi yanuyo imagwira ntchito mwa class AB, njira imene mathiranzisita okuza mphamvu amatsatira kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ikamatulutsa ma watt 100 imakoka pafupifupi ma amp 20 pa ma volt 13.8, omwe ndi ma watt oposa 270. Otsalawo amangosanduka kutentha, ndipo mu Okutobala, kuno kukapitirira madigiri 40, fani imangopemerera mpweya wotentha kale. Kutsitsa mphamvu sikuthandiza mokwanira, chifukwa mathiranzisita ake amamwabe magetsi ngakhale mwakhala chete mutadina maiki.

Mu class D ndi class E, njira za mathiransimita atsopanowa, thiranzisita imakhala ngati swichi: yayaka yonse kapena yazima yonse. Pa class E, koyilo ndi kapasita zimachititsa kuti iyake pa nthawi imene voteji yake yafika pafupi ndi ziro, choncho mphamvu yotayika imachepa ndipo yopita ku eriyo imatha kupitirira 85 peresenti. Nzeruyi si ya dzulo, anaifalitsa ndi Nathan ndi Alan Sokal mu 1975. Chatsopano ndi tiziwiya totchipa ngati QCX ya QRP Labs, ya mu 2017, yomwe imatulutsa pafupifupi ma watt 5 ndi mathiranzisita atatu a BS170, kukoka ngati theka la amp. Batire ya 7 Ah ikukwanirani tsiku lonse.

Swichi payokha siitsata kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye imayenera Morse ndi FT8 (mauthenga aafupi otumizidwa ndi kompyuta). Mukalowetsa SSB, njira yotumizira mawu olankhula, mu class E wamba mawu amaphwanyika, n'kusokoneza anzanu oyandikana nanu pa bandi. Zida monga uSDX zimagawa mawu pawiri, gawo lina n'kumayendetsa frequency, lina n'kumakweza ndi kutsitsa mphamvu, motero zimalankhula, ngakhale mawu ake sasalala ngati a wailesi yanu yaikuluyo.

Tsopano pomwe ambiri amawotchera zida. Pa class E voteji ya pa thiranzisita imadumpha kufika pafupifupi katatu ndi theka kuposa ya batire, pomwe BS170 malire ake ndi ma volt 60. Pa ma volt 12 imafika 43, palibe vuto. Masana sola ikamatchaja, batire imakwera mpaka 14.4, ndiye mwafika kale pa 51. Apo eriyo ikangoduka waya kapena madzi akalowa mu coax (waya wopita ku eriyo), SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo, imakwera, thiranzisita n'kupsa nthawi yomweyo, mwina osaona ndi utsi womwe. Choncho ikani madayodi atatu a 1N5408 motsatizana pa waya wofiira, aliyense amadula pafupifupi 0.7, ndipo dzuwa likalowa chotsani awiri. Tizida ta pamsika totsitsira voteji musatidalire, tambiri timadzaza phokoso m'wailesi. Ngakhale controller ya sola imatero. Mukamva kulira kosalekeza, zulani panelo muone ngati kusiya.

Musanalumikize eriyo yesani kaye pa dummy load, ma resistor olowa m'malo mwa eriyo. Gulani ma resistor 20 a 1k, a watt imodzi aliyense, muwalumikize mogundanitsa miyendo, apereka ma ohm 50. Onjezani dayodi ya 1N4148 ndi kapasita ya 10 nF, muyeze ndi multimeter. Voteji imene mwapeza muichulukitse ndi iyo yomwe, mugawe ndi 100: ma volt 22 ndi pafupifupi ma watt 5. Ikapereka ochepa koma thiranzisita ikuwotcha chala, nthawi zambiri vuto ndi makoyilo. Werenganinso mapindi a waya pa tiziring'i ta makoyilowo, ulendo uliwonse waya wadutsa pabowo ndi pindi limodzi, kenaka talikitsani kapena fupikitsani mapindiwo pang'onopang'ono mukuyang'ana mita. Palani bwino utoto wa kunsonga kwa waya musanawotcherere. Sefa ya low-pass musaichotse zivute zitani, popeza swichi imabala ma harmonic ambiri (ma frequency osafunika amene sefayo imatchinga) ndipo mungalowe m'mabandi omwe laisensi yanu ya MACRA siikuloleza.

Mwina mukuda nkhawa kuti ma watt 5 achepa. Kusiyana kwake ndi 100 ndi ma dB 13, ngati masitepe awiri okha pa mita ya S, yoyeza mphamvu ya siginolo, kwa amene akukumverani. Kuti mudumphe mapiri a Thyolo n'kumveka ku Blantyre, mangani dipole (eriyo ya mawaya awiri) ya pa 7 MHz, mbali iliyonse mamita 10.1, muipachike mmunsi, mamita asanu kapena asanu ndi limodzi pa nsungwi. Ikatsika chonchi imaponya mphamvu mmwamba n'kugwera madera oyandikira, zomwe zimathandiza madzi akasefukira, misewu ndi netiweki zitaduka ngati nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Eriyoyo idulenidulenibe mpaka SWR itsike pansi pa 1.5, ndipo kuyeza kumeneko muzichita ndi analyser (kachipangizo koyezera eriyo) kapena pa mphamvu yochepa, osati pa ma watt onse. Mvula ya ziphaliwali ikayandikira zulani coax muitaye panja.