Kugula nyumba ku Groningen: za ngongole ndi za madera

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga bwino. Muli ku Groningen, mzinda wa ku Netherlands, ndi abambo a kunyumba ndi ana awiri, wina wa zaka 3, wina wa zaka 7. Inu mumagwira ntchito ku Zernike (kampasi ya yunivesite), iwo ku UMCG (chipatala cha yunivesite), lendi yakukwanani ndipo mukufuna nyumba yanuyanu, koma simukudziwa dera loti muloze. Mwanenanso kuti ena akukulangizani kuti potchula mtengo muchotse mawu oti mgwirizano uthe ngati banki yakana ngongole, ati kuti wogulitsa akusankheni inuyo. Ndiyamba ndi chachiwirichi, chifukwa ndi chimene chandidetsa nkhawa.

Chonde musawachotse mawu amenewo. Pa Chidatchi amawatchula kuti financieringsvoorbehoud, ndipo ndi amene amakutetezani banki ikasintha maganizo. Mukasaina koopovereenkomst, mgwirizano wogula nyumba, lamulo limakupatsani masiku atatu oti mutha kubwerera m'mbuyo popanda kupereka chifukwa. Masiku amenewo akatha, mwamangika. Ngati ngongole yakanika ndipo mawu aja mulibe mu mgwirizano, chindapusa chake nthawi zambiri chimakhala 10 peresenti ya mtengo wa nyumba. Pa nyumba ya €360,000 ndiye kuti €36,000 yapita, nyumba osaipeza. Amene amachotsa mawuwa kawirikawiri ndi anthu amene akugulitsa nyumba ina, kapena amene makolo awo ali pafupi ndi ndalama zowagwirira kumbuyo. Ife obwera tilibe zimenezo. Komanso fayilo yathu ku banki imakhala ndi zambiri zofufuza kuposa ya mbadwa: mtundu wa chilolezo chokhalira m'dziko, kontrakiti ya ntchito ngati ili yokhazikika kapena ya zaka zowerengeka, ndi zina zotero. Kuluza nyumba ziwiri kapena zitatu kwa anthu olimba mtima kumapweteka, inde, koma kumachira msanga kuposa chindapusa chimenechi.

Musanaone nyumba ngakhale imodzi pa Funda, webusayiti yotsatsa nyumba, kakhaleni pansi ndi hypotheekadviseur, mlangizi wa ngongole za nyumba, makamaka woima payekha amene amayerekeza mabanki angapo. Adzafuna werkgeversverklaring, kalata yotsimikizira ntchito ndi malipiro, kuchokera kuntchito kwa nonse awiri. Ngati kontrakiti yanu ya ku yunivesite ndi ya nthawi yochepa, funsani ngati abwana angalembe intentieverklaring, kalata yosonyeza kuti akulinga zokulembani ntchito yokhazikika. Kalata imeneyo imasintha zambiri. Kwa ena owerenga pano amene ali pa PhD: amene ali pa malipiro ngati wantchito ndi amene ali pa sikolashipu, banki imawaona mosiyana kwambiri, ndipo chilolezo chobwera nacho ngati wophunzira chimawerengedwa ngati chosakhalitsa. Ngongole zonse zolembedwa ku BKR, kaundula wa ngongole za anthu, zimatsitsa ndalama zomwe mungabwereke, ngakhale galimoto ya private lease kapena foni yolipira pang'onopang'ono. Ndalama zomwe mumatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi, za fizi kapena za mankhwala a makolo, banki siziona. Muziwerengere nokha, ndipo musabwereke mpaka pamapeto penipeni pa zomwe akukulolani.

Kuyambira 2018 banki imabwereketsa mpaka 100 peresenti ya mtengo umene taxateur (katswiri woyeza mtengo wa nyumba) wayeza, osapitirira, kupatula pang'ono pa ntchito zochepetsa gasi ndi magetsi. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Mukatchula €360,000 kuti mupambane anzanu, taxateur n'kunena kuti nyumbayo ndi ya €345,000, ndiye kuti €15,000 yotsalayo ichoka m'thumba mwanu. Pamwamba pake pali zilembo ziwiri zija, k.k., zomwe mumaziona pambali pa mtengo: zolipira zonse zosinthira umwini ndi za wogula. Msonkho wosinthira umwini, overdrachtsbelasting, ndi 2 peresenti pa nyumba yomwe mukhalemo nokha. Amene sanakwanitse zaka 35 amakhululukidwa msonkhowu kamodzi kokha pa moyo wake, ngati nyumbayo siipitirira malire omwe mu 2025 anali €525,000. Ngati mmodzi wa inu wakwanitsa kale zaka 35, theka lake lokhalo ndi lomwe lilipire. Kenako notaris (wazamalamulo wolembetsa umwini wa nyumba), taxatie (kuyeza mtengo kuja), mlangizi uja, ndi womasulira wolumbiritsidwa amene notaris amamufuna ngati Chidatchi simuchimva bwino. Funsaninso za NHG, thumba la dziko lotsimikizira ngongole za nyumba. Mu 2025 malire ake anali €450,000 ndipo polowa mumalipira 0.4 peresenti ya ngongole kamodzi. Imatsitsa chiwongoladzanja, komanso ingakuthandizeni ngati mwakakamizika kugulitsa moluza chifukwa cha kutha kwa ntchito, ulumali, kutha kwa banja kapena imfa. Manambalawa amasintha chaka ndi chaka, choncho onani a chaka chino.

Tsopano za madera, pomwe ndikufuna tichedwepo.

Ambiri tikafika ku Groningen mtima umakopeka ndi nyumba zakale za njerwa za ku Schildersbuurt, Korrewegwijk, kapena zozungulira Noorderplantsoen. N'zokongoladi, ndipo mabwalo a msika a Vismarkt ndi Grote Markt ali pafupi. Koma uno ndi mzinda wa ophunzira. Yunivesite yakhalapo kuyambira 1614, palinso koleji ya Hanze, ndipo m'misewu yambiri ya m'madera amenewa nyumba zinagawidwa zipinda za lendi. Ophunzira si anthu oipa, koma nthawi yawo ndi ya banja la ana aang'ono sizigwirizana: inu mukugoneka mwana, iwo tsiku likuyamba kumene. Komanso zambiri mwa nyumbazi ndi bovenwoning kapena benedenwoning, banja lina pamwamba lina pansi, pansi pake pa matabwa, phokoso limangodutsa. Masitepe ndi ang'ono ndi otsetsereka zedi, ganizirani kukwera nawo mwana atagona m'manja ndi katundu wa kumsika. Mukafika pa nyumba iliyonse m'madera amenewa, onani njinga zomwe zaunjikana pakhomo la oyandikana nawo, muwerengenso mayina pa belu. Zimenezo zidzakuuzani zomwe makelaar, mkhalapakati wogulitsa nyumba, sangayambe yekha kunena. Kumbukirani kuti makelaar amene akukuonetsani nyumba ndi wa wogulitsa. Wanu ndi aankoopmakelaar, amene mumamulipira nokha, ndipo kwa munthu wogula koyamba m'dziko la eni ine ndimaona kuti ndalama yake siipita pachabe.

Kummwera, ku Helpman, Coendersborg, mbali ina ya De Wijert mpaka ku Haren, ndi kumene mabanja ambiri amakusirira. Kuli bata, mitengo, masitolo a mu Verlengde Hereweg, ndipo nyanja ya Paterswoldsemeer ili pafupi. Sukulu ya pulaimale ya GSV yomwe ili ndi gawo lophunzitsa m'Chingerezi ili mbali yomweyo, ndipo International School Groningen ili ku Haren. Mitengo ya nyumba nayo ndi yokwera, mpikisano ndi waukulu. Koma chachikulu kwa inu ndi chakuti Zernike ili kumpoto kwenikweni kwa mzinda. Kuchokera ku Helpman mudzadutsa mzinda wonse m'mawa ndi madzulo, ndipo galimoto siikupulumutsani kwenikweni, chifukwa kuyambira 1977 pakati pa mzinda panagawidwa zigawo zinayi zoti galimoto singadutse kuchoka china kulowa china molunjika. Mu June ulendo wa panjinga umenewo ndi wosangalatsa. Mu December, dzuwa litalowa 5 koloko isanakwane, mphepo ikukuwombani kumaso, mvula ikugwa, mwana akudikira ku BSO (kosungira ana akaweruka kusukulu) yomwe ili pafupi kutseka, ndi nkhani ina. Ngati mwatsimikiza kuti ana apita sukulu ya Chingerezi chifukwa mudzachoka pakapita zaka zochepa, kummwera kuli ndi tanthauzo. Ngati mukukhazikika, sukulu ya Chidatchi ya m'dera ndi yomwe idzawapatse ana anzawo osewera nawo pakhomo.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayang'ana kumpoto: Paddepoel, Selwerd, Vinkhuizen, ndiponso Beijum ndi Lewenborg chakumpoto cha kummawa. Ndikudziwa kuti mukatchula mayina amenewa kuntchito ena adzakwinya nkhope. Madera amenewa anamangidwa m'zaka za m'ma 1960, 1970 ndi kumayambiriro kwa 1980, muli mafulati ambiri a lendi yotsika, ndipo pali misewu ina yomwe ili ndi mavuto ake. Sindikubisa zimenezo. Koma mbiri ya dera lonse si mbiri ya msewu uliwonse. Pakati pa mafulatiwo pali mizere ya nyumba zogundana zokhala ndi zipinda zogona zitatu kapena zinayi, kadimba kumbuyo ndi kashedi ka njinga, pa mtengo umene pakati pa mzinda mungapezere fulati yaing'ono yopanda bwalo. Kuchokera ku Paddepoel kapena Selwerd, Zernike ndi pafupi kwambiri, UMCG nayo si patali, Paddepoel ili ndi malo ake a masitolo, Selwerd ili ndi dziwe losambira la De Parrel. Maphunziro osambira musawaone mopepuka m'dziko la ngalande ngati lino. Beijum inamangidwa mwa timisewu tokhotakhota tomwe galimoto zimayenda pang'onopang'ono, ana amasewera panja, ndipo malo a masewera ndi tchire la Kardinge ali pakati pa Beijum ndi Lewenborg. Kwa abambo opita ku UMCG ndi bwino, kwa inu ku Zernike ulendo ukutalikirako. Chinanso chomwe kwa ine n'chofunika: m'sukulu za m'madera amenewa mwana wanu sadzakhala yekha wakhungu lakuda m'kalasi. Ena sachiwerengera chimenechi, koma mwana amachimva.

Ngati thumba likulola, Reitdiep ndi Gravenburg ndi madera atsopano oyandikira Zernike, nyumba zake zosunga kutentha bwino. Meerstad ndi yatsopano kwambiri, ili m'mbali mwa nyanja yokumba ya Woldmeer, koma kwa inu ndi kutali. Oosterparkwijk yagundana ndi UMCG, ndipo ndi yoyenera kuiona.

Msewu musauweruze pa tsiku loonetsa nyumba lokha, chifukwa limakhala masana, kuli zii. Bwererani madzulo a Lachinayi ndi Loweruka usiku. Palasani njinga kuchokera pakhomopo mpaka kusukulu, kenako kuntchito, nthawi yeniyeni yomwe mudzayende. Gogodani kwa woyandikana naye, munene kuti mukufuna kugula, mufunse za phokoso ndi chinyezi. Adatchi pa funso lolunjika amayankha molunjika, mudzadabwa zomwe angakuuzeni. Pa intaneti, Leefbaarometer imasonyeza mmene malo alili mpaka timagawo ting'onoting'ono, ndipo Scholen op de kaart imasonyeza sukulu. Wamng'onoyo ayamba basisschool, sukulu ya pulaimale, akakwanitsa zaka 4, choncho imbirani sukuluzo tsopano mufunse za malo, chimodzimodzi BSO ndi huisarts, dokotala wa banja, chifukwa madokotala ambiri amalandira anthu okhala pafupi okha.

Nyumba ikakusangalatsani, musalumphe bouwkundige keuring, kuyendera kwa katswiri woona denga, makoma, mawaya ndi pansi pa nyumba. Ku Groningen kuli chifukwa china chowonjezera. Gasi amene anapezeka ku Slochteren mu 1959 anabweretsa zivomerezi, chachikulu chinali cha ku Huizinge mu August 2012, cha mphamvu 3.6. Kupopa gasi kunatsekedwa kotheratu mu 2024, koma nthaka siinakhazikike nthawi yomweyo. Kowonongeka kwambiri ndi cha ku Loppersum ndi midzi yozungulira, komabe ming'alu inanenedwanso mumzinda, ndipo Ten Boer, yomwe inalowa mu gemeente (khonsolo) ya Groningen mu 2019 pamodzi ndi Haren, ili m'chigawo chokhudzidwa. Funsani wogulitsa ngati anakanenapo za kuwonongeka ku IMG, bungwe lolipira zowonongeka ndi zivomerezizi, ngati analipidwa, ndiponso ngati ndalamazo zinakonzadi nyumbayo. Mayankho alembedwe, asakhale apakamwa.

Werengani mosamala energielabel, chikalata chosonyeza mmene nyumba imadyera gasi ndi magetsi. Nyumba za m'ma 1960 ndi 1970 zomwe sizinakonzedwepo zimadya gasi kwambiri, ndipo zambiri zomangidwa 1994 isanafike zingakhale ndi asbest, chomangira chakale choopsa ku mapapo, choncho mawu okhudza asbest ndi ukalamba wa nyumba mu mgwirizano muwamvetse musanasaine. Ku Paddepoel, Selwerd ndi Vinkhuizen kukufalikira mapaipi otenthetsa nyumba a WarmteStad, funsani ngati nyumbayo inalumikizidwa kapena ili m'mapulani. Ngati ndi fulati kapena bovenwoning, mukulowa mu VvE, bungwe la eni nyumba m'chinyumba chimodzi. Pemphani malipoti a misonkhano yawo, ndalama zomwe asunga, ndi pulani yokonzera nyumba ya zaka zikubwerazi. Chopereka cha pamwezi chikakhala chochepa modabwitsa, nthawi zambiri ndiye kuti denga likadzadontha mudzasonkherana ndalama zambiri nthawi imodzi.

Pali funso lomwe simunafunse koma muyenera kukambirana awiriwiri: mukhala zaka zingati? Ndalama za k.k. zija sizibwerera, ndipo ngati mudzagulitsa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mitengo itaima, mutha kutuluka moluza. Musadalire zoti mukadzachoka mudzangoikamo munthu wa lendi. Banki salola kubwereketsa nyumba ya ngongole popanda chilolezo chake, ndipo kuyambira 2022 Groningen ili ndi opkoopbescherming, lamulo loletsa kuchititsa lendi nyumba zambiri zogulidwa kumene kwa zaka zinayi pokhapokha gemeente italola. Ngati mukumanganso kumudzi, ikani ziwirizi papepala limodzi muone ngati malipiro anu angazinyamule zonse popanda kukupanikizani.

Ngati mwagwirizana kuti mukhala zaka zisanu kapena kuposerapo, yambani ndi mlangizi wa ngongole sabata ino, kenako muone nyumba zogundana za ku Paddepoel ndi Selwerd, Beijum ikhale yachiwiri. Mukaluza mpikisano, pemphani biedlogboek, kaundula wa mitengo yonse yomwe anthu anatchula, amene makelaar a m'mabungwe akuluakulu akhala akuyenera kusunga kuyambira 2023. Mudzaona kuti wopambana anatchula zingati ndiponso ndi mawu otani, ndipo pa nyumba yotsatira mudzadziwa pomwe mungaime.