Pokrovskoye wa Rasputin ndi uti pa midzi yonseyi?

Achimwene, mwati munalemba Pokrovskoye pa Google Maps kuti muone kwawo kwa Rasputin, ndiye kwatuluka midzi yambirimbiri ya dzina lomwelo, ndipo mukufunsa ngati mapuwo ali olakwika. Mapu sanalakwe ayi. Midzi yonseyo ilipodi. Umene mukuufunawo uli m'mbali mwa mtsinje wa Tura ku Siberia, m'boma la Yarkovsky, chigawo cha Tyumen, ndipo ndi kumene Grigori Rasputin, munthu wopemphera uja amene anali pafupi kwambiri ndi banja la mfumu yomaliza ya Russia, anabadwira mu 1869. Pokrovskoye wina ali m'chigawo cha Rostov kufupi ndi mzinda wa Taganrog, ndipo ndiye likulu la boma la Neklinovsky. Winanso ali m'chigawo cha Oryol. Kuchoka ku wa ku Siberia uja kupita ku enawa ndi ulendo wautali kwambiri pa sitima.

Dzinali linachuluka chifukwa cha tchalitchi. Pokrov ndi chikondwerero chachikulu cha mpingo wa Orthodox chokumbukira chitetezo cha Mariya, chimene chimachitika pa 14 Okutobala. Anthu akamanga tchalitchi n'kuchipereka ku chikondwererochi, mudzi wonse unkayamba kutchedwa Pokrovskoye kapena Pokrovka. Mudzi wa tchalitchi cha Utatu Woyera unkakhala Troitskoye, wa Nikolasi Woyera unkakhala Nikolskoye. Oyera mtima otchuka ndi owerengeka, pomwe matchalitchi anali zikwizikwi, ndiye mayina akanaleka bwanji kubwerezedwa? Kale mudzi wokhala ndi tchalitchi ndi umene unkatchedwa selo, wopanda tchalitchi unali derevnya, ndipo mawu awiriwa mudzawaonabe pamapu mpaka lero.

Midzi ina inatenga dzina la mwini malo kapena la munthu amene anayamba kukhalapo. Mpaka mu 1861 alimi ambiri a ku Russia anali ngati chuma cha eni minda, ndipo bwana ankatha kutcha mudzi dzina lake kapena la mwana wake. Apo ndi pamene panachokera ma Aleksandrovka, ma Ivanovka ndi ma Mikhaylovka osawerengeka aja. Ina ndi mayina a zimene anthu anapeza pamalopo: Sosnovka ndi pamitengo ya paini, Kamenka ndi pamiyala.

Koma amene amandikhudza mtima ine ndi mayina a anthu osamuka. Alimi osowa minda atayamba kupita ku Siberia ndi kum'mawa kwenikweni, makamaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi nthawi ya nduna yaikulu Pyotr Stolypin kuyambira 1906, ankanyamula dzina la kwawo pamodzi ndi mbewu ndi makasu. N'chifukwa chake kuli Chernigovka ku Primorsky Krai, kufupi ndi malire a China, mudzi wa anthu ochokera ku Chernigov ku Ukraine, ndiponso Poltavka m'chigawo cha Omsk, dzina lochokera ku Poltava ku Ukraine komweko. Munthu wayenda miyezi, wasiya manda a makolo ake, akafika kuchilendo chimene angathe kumanganso msanga ndi dzina. Kenaka boma la Soviet linadzawonjezera ake, Oktyabrsky, Pervomaysky, Sovetsky, paliponse.

Tsono dzina la mudzi palokha si keyala. Monga kwathu kuno timatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kumenekonso mudzi umayenda ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi chigawo, chimene chingakhale oblast, krai kapena respublika. Chachiwiri ndi raion, limene tingati boma. Pansi pa raion pamakhala kagulu ka midzi ingapo kotchedwa selsoviet kapena selskoye poseleniye, ndipo kameneka kamafunika kwambiri chifukwa nthawi zina m'boma limodzi momwemo mumapezeka midzi iwiri ya dzina limodzi.

Musakhulupirirenso dzina la boma lokha, pakuti nawonso mabomawo amabwerekana mayina. Mikhail Gorbachev, mtsogoleri womaliza wa Soviet Union, anabadwa mu 1931 m'mudzi wa Privolnoye, umene lero uli m'boma la Krasnogvardeysky ku Stavropol Krai. Koma boma la Krasnogvardeysky lilinso ku Belgorod, ku Orenburg ndi ku Adygea. Mukasiya chigawo, mwasochera kale.

China chimene ambiri sachiganizira ndi chaka. Mabuku a mbiri ya Rasputin adzakuuzani kuti anabadwira ku Tobolsk Governorate, osati ku Tyumen Oblast, ndipo sakunama. Nthawi ya mafumu dziko linali logawidwa mu guberniya (ndiyo Governorate ija, ngati chigawo), uyezd (ngati boma) ndi volost (kagulu ka midzi). Magawo amenewa anathetsedwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo chigawo cha Tyumen chinakhazikitsidwa mu 1944. Mudzi sunasunthe, anasuntha ndi malire. Choncho mukakhala ndi chikalata chakale, yambani mwafufuza kuti uyezd imeneyo inagwera m'chigawo chiti lero, kenaka muzifunafuna mudzi.

Pofufuza lembani zonse zitatu pamodzi, Pokrovskoye, Yarkovsky District, Tyumen Oblast, ndipo mukakopera dzinalo m'zilembo za Chirasha zimayenda bwino koposa, chifukwa dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana m'zilembo zathuzi. Ngati muli ndi nambala ya positi, ya manambala 6, imeneyo imathetsa mkangano nthawi yomweyo. Ndipo mukafufuza mudzi wina n'kupeza pamapu pali dzina koma pachithunzi pali tchire lokhalokha, musadabwe. Kalembera wa mu 2010 anapeza midzi yoposa 150,000 ku Russia, ndipo mwa imeneyi yoposa 19,000 inalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Pokrovskoye wanuyo ndi wamoyo, uli pamsewu wochokera ku Tyumen kupita ku Tobolsk, ndipo muli nyumba yosungiramo zinthu zakale za Rasputin imene alendo amapitako.