Kondakitala wa m'minibasi ndi "conductor" wa m'buku la sayansi

Mayi wina wa ku Lizulu wandilembera pa imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 2 wapatsidwa funso lakuti "conductor" ndi chiyani, pomwe iwo kondakitala amene amamudziwa ndi uja wotolera ndalama m'minibasi za ku Lilongwe. Akufunsa ngati ndi liwu lomwelo, nanga mwana ayankhe bwanji.

Mayi, simunaphonye. Liwu ndi limodzi, ndipo muzu wake ndi wa Chilatini, "ducere", kutanthauza kutsogolera. Kondakitala amatsogolera anthu pa ulendo. M'sayansi, conductor ndi chinthu chimene magetsi amadutsamo mosavuta, tinene kuti msewu wawo. Mwana akagwira mfundo imeneyi wakhoza. Akakumana ndi "conductive", ndiye kuti akunena za khalidwe la chinthucho, pomwe "conductivity" ndi muyeso wake, chifukwa misewu imasiyana: M1 si chimodzimodzi ndi kanjira kakumunda. Liwuli limagwiranso pa kutentha. Supuni yachitsulo mukaisiya mumphika imakuwotchani, koma mthiko ayi.

Zitsulo zimatha ntchitoyi chifukwa mkati mwake muli tizinthu tina, ma elekitironi, tomwe sitinamangike malo amodzi. Magetsi akatikankha timayenda. Siliva ndiye amaposa zonse, kenako kopa, golide, ndi aluminiyamu. Waya wa m'nyumba amakhala wakopa chifukwa siliva ndi wodula. Nthambo zambiri za pamapolo ndi za aluminiyamu, ngakhale amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 pa 100 poyerekeza ndi kopa, popeza ndi wopepuka komanso wotsika mtengo.

Chinthu chokana magetsi amati "insulator": mphira, pulasitiki, galasi, mtengo wouma. Mukayang'ana mapolo a ESCOM m'mbali mwa msewu wopita ku Dedza boma, muona timbale tolekanitsa waya ndi polo. Tina ndi tagalasi, tina ndi tadothi lowotcha, pachibale ndi makapu a ku Dedza Pottery. Zimandisangalatsa kuti dothi likugwira ntchito yotere. Kusiyana kwa conductor ndi insulator anakuona wasayansi Stephen Gray ku England mu 1729. Ankayendetsa magetsi pa chingwe chachitali chokolekedwa ndi ulusi wa siliki, ndipo zinkatheka. Atasintha n'kukoleka ndi waya wachitsulo, magetsi ankathawira m'wayamo osafika kumapeto.

Tsopano chimene ndikufuna mwanayo asachiiwale ngakhale mayeso atadutsa: thupi la munthu nalo ndi conductor. Lili ndi madzi ambiri amchere. Khungu louma limatchingako pang'ono, koma likanyowa chitetezocho chimachepa kwambiri, ndipo mavoti 230 a m'nyumba zathu ndi okwanira kupha munthu. Madzi oyera opanda kanthu kosungunukamo sadutsitsa magetsi kwenikweni, koma a pamjigo, a pachitsime ndi a mumtsinje onse ali ndi mchere wa m'nthaka, ndiye amadutsitsa. Mtengo wouma ndi insulator, koma ukavumbwa ndi mvula usaukhulupirirenso. M'dzinja ndimada nkhawa ndikaona anthu ayanika zovala pa waya woyandikana ndi nthambo yamagetsi, kapena mwana akuzula chaja ndi manja onyowa. Wina akagwidwa ndi magetsi, musamukoke ndi manja, chifukwa nanunso mukhala msewu. Zimitsani kaye pa swichi yaikulu, ndipo ngati ili kutali mukankheni ndi thabwa louma mutaima pouma.

Kuti mwana aone ndi maso, pezani mabatire awiri a tochi, kababu ka tochi ndi timawaya, muzilumikize koma musiye mpata pakati. Za pasoketi asayerekeze. Atseke mpatawo ndi msomali: kababu kayaka. Ayese lastiki, pepala, kachitsotso kouma: zii. Pomaliza asongole kapensulo kakafupi mbali zonse ziwiri n'kugunditsa mawaya pa mtima wake wakudawo. Si chitsulo, ndi girafaiti, koma ayang'anitsitse mumdima, aona kababu kakuyaka mwa apo ndi apo.