Musasiye kuluka, koma dzanzi la usikulo musalitenge mwachibwana

Achemwali, mwati khosi ndi mapewa zikumawawa mukaluka nthawi yaitali, zala zikumachita dzanzi usiku, ndiye mukufunsa ngati mungosiya kulukako. Ayi musasiye, koma apa pali nkhani ziwiri zosiyana.

Zakhosizo kawirikawiri ndi makhalidwe a pampando. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilo 5, koma mukaweramira pansi kwambiri khosi limamva ngati lasenza makilo opitirira 20, ndiye tangoganizani maola atatu muli chiweramire kuwerenga masititchi. Ine ndinkalukira pabedi miyendo chitambasulire, juzi ili pamiyendo, pofika madzulo munthu akandiitana ndimachita kutembenuka thupi lonse ngati loboti kkkk. Chinandipulumutsa ndi pilo basi. Ikani pilo pamiyendo kuti cholukacho chikwere chibwere kufupi ndi maso, osati inu kuchitsatira pansi. Kapilo kena kumsana cha m'chiuno, mapazi aponde pansi onse awiri, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti. Komanso muzidzifufuza mapewa, ambirife tikafika pa patani yovuta timawakweza mpaka m'makutu osadziwa n'komwe. Sofa yofewa yomira ija ndiye ayi ndithu, imakoma poyamba pokha.

Koma ngakhale mutakhala bwino chotani, thupi silifuna kukhala malo amodzi. Tcherani alamu pafoni, mphindi 30 zilizonse dzukani, yendani pang'ono, tambasulani zala, zungulizani mapewa, yang'anani patali maso apume. Zija zoti "ndingomaliza mzere uno" tonse timazidziwa, mzere umodzi umabala khumi.

Tsopano dzanzilo. Taonetsetsani ndi zala ziti. Ngati ndi chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, mpaka kumakudzutsani usiku kuti mugwedeze dzanja, imatha kukhala carpal tunnel, mtsempha umakhala ukupanikizika pamfundo pomwe dzanja lalumikizana ndi mkono. Ngati ndi kachala kakang'ono ndi koyandikana nako, nthawi zambiri vuto limakhala pachigongono, mwina mumatsamira pamkono wa mpando kapena mumachipinda nthawi yaitali. Poluka dzanja lizikhala lowongoka, osalipinda, ndipo singano musamazigwire ngati zikuthawa, kuluka kothina kumatopetsa zala kwambiri. Pa zinthu zolemera ngati bulangete gwiritsani singano zolumikizidwa ndi kachingwe zija, kulemera konse kumatsalira pamiyendo.

Pumulani masiku angapo muone. Likapitirira dzanzilo, kapena mwayamba kugwetsa kapu, kulephera kumanga mabatani, pitani kuchipatala akakuoneni, mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali umavuta kuchira. Ena amawapatsa kothandizira dzanja kovala pogona kuti lisapindike. Ndipo ngati muli ndi shuga kapena ndinu oyembekezera muwauze adokotala, zimenezonso zimabweretsa dzanzi lomweli.