Sopo wathu akuyabwa m'manja, talakwitsa pati?

FUNSO: Aphunzitsi, pagulu lathu la banki m'khonde tinayamba kupanga sopo wochapira. Woyamba, wa mafuta ofiira a mawese ochokera ku Karonga, anatuluka bwino. Mawese atadula tinagula mafuta a mpendadzuwa, koma soda wa kositiki tinathira muyeso wakale womwewo wa kapu. Sopoyu wakana kulimba, komanso akuyabwa m'manja. Sefuliya yomwe tinasungunuliramo soda yada bii mkati. Mwana wanga wa Fomu 4 akuti ndi nkhani ya organic chemistry, koma akamalongosola sindikutolapo kanthu. Mayi wa ku Khombedza, Salima.

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi sefuliyayo chifukwa ndi yomwe yandidumphitsa mtima. Ngati ndi ya aluminiyamu, musasungunulirenso soda m'menemo. Soda amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya wa haidrojeni, womwe umayaka ukakumana ndi moto. Pezani ndowa yolimba ya pulasitiki kapena poto wa stainless steel. Ndipo soda ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, chifukwa amatentha mpaka kuthovukira kumaso.

Mwana wanu sananame. Kupanga sopo si kusakaniza zinthu ngati mmene timachitira shuga ndi tiyi, pomwe shuga amakhalabe shuga. Apa chinthu chimathyoledwa, china chatsopano n'kumangidwa.

Kachidutswa kochepetsetsa ka mafuta, komwe timati molekyu, kali ngati chipeso cha mano atatu. Msana wake ndi gilisarini, yemweyu timadzola nyengo ya chisanu, ndipo mano atatuwo ndi timaunyolo titalitali ta kaboni. Anatulukira kuti m'mafuta muli gilisarini ndi timaunyolo timeneti ndi Mfalansa wina, Michel Eugène Chevreul, yemwe anasindikiza buku la kafukufuku wake wa mafuta mu 1823. Pamene dzino lililonse lalumikizana ndi msana pali kaboni mmodzi amene wagwirana ndi ma okosijeni awiri. Okosijeni ndi wadyera, amakokera kwa iye ma elekitironi, tizinthu tating'onoting'ono tomwe timachititsa kuti awiriwa agwirane, ndiye kaboni uja amatsala wosauka. Soda akasungunuka m'madzi amamasula kanthu kotchedwa hydroxide, komwe kali ndi ma elekitironi apadera ndipo kakusaka poti kawaike. Kamalunjika pa kaboni wosauka uja.

Ndinkaphunzitsa zimenezi potengera minibasi ya pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay. Mpando ndi wa anthu anayi, kaboni nayenso ali ndi manja anayi basi. Awiri mwa manjawo anagwira okosijeni mmodzi. Hydroxide akafika, okosijeni uja amataya dzanja limodzi kuti mlendo akhale, koma kupanikizanako sikukhalitsa. Amabweza dzanja lake, ndiye wina ayenera kutsika, ndipo wotsikayo ndi mbali ya gilisarini. Dzino lachoka pa chipeso. Potsika, gilisarini amalandira haidrojeni mmodzi kuchokera ku dzino lija, dzinolo n'kugwirana ndi sodiyamu wa mu soda. Ameneyo ndiye sopo, ndipo zikafika apa sizibwereranso m'mbuyo. Mwana wanu alembe m'kope mwake kuti dzina la zochitika zonsezi ndi saponification.

Mwaona kuti mano ndi atatu? Ndiye kuti molekyu imodzi ya mafuta imafuna ma hydroxide atatu, osaposera. Wachinayi alibe pogwira, amangotsala mu sopo kudikira khungu lanu. Tsono mamolekyu a mafuta osiyanasiyana salemera mofanana, choncho sachuluka mofanana mu kilogalamu imodzi. Kilogalamu imodzi ya mawese imadya soda pafupifupi magalamu 141, pomwe ya mpendadzuwa imadya pafupifupi 134. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma onjezanipo kapu yanu ija, yomwe lero yadzaza mpaka kusefukira, mawa yaperewera. Soda wa timibulu ndi wa tizipale sadzaza kapu mofanana, komanso akakhala pamtetete amayamwa chinyezi cha mumpweya, makamaka kuno kunyanja. Ine ndinadziwotchapo chala chachikulu zaka zapitazo chifukwa chokhulupirira kapu, chikhadabo chinatenga miyezi kuti chibwerere mwakale. Gulani sikelo yaing'ono ya batire. Ndi yotchipa kuposa malita asanu a mafuta otayika. Mukayeza, chotsaniponso soda pang'ono, magalamu 5 pa 100 alionse, kuti otsala akhale mafuta, asakhale soda.

Kufewako ndi mlandu wina. Maunyolo ambiri a m'mawese ndi owongoka, amasanjikizana bwino ngati bango la mphasa. A mpendadzuwa ndi opindika pamalo pomwe ma kaboni awiri agwirana ndi manja awiriawiri, choncho sapanikizana. N'chifukwa chake mawese amagwirana m'mawa wa mu June pamene mpendadzuwa ali madzi okhaokha. Sopo wa mpendadzuwa yekha sadzalimba ngati woyamba uja ngakhale muyeze bwanji. Sakanizani, mawese kapena mafuta a ng'ombe achuluke, ndipo muwerengere soda wa mtundu uliwonse payekha musanaphatikize.

Wina pagulupo adzanena kuti agogo ankapanga ndi chidulo. N'zoona, phulusa lili ndi potaziyamu, mbale wake wa sodiyamu, koma sopo wake amakhala wa phalaphala ndipo mphamvu ya chidulo simungaidziwe ndi maso.

Sopo amene muli nayeyu musagulitse kaye. Muduleni, mumuyanike pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Akapitiriza kuyabwa, kapena mukaona timadzi kapena timibulu toyera mkati mwake, mumupale, mumusungunule pamoto wochepa ndi madzi pang'ono, n'kuthiramo mawese ena. Pochita zonsezi muvale magolovesi, ana akhale kutali.